Funso Lachisanu pa Fomu

Mtsikana wa jasi yoyera anandimanga lamba pamkono,
nati, fumbatani, mayi.
Ndinafumbata ngati ndabisa ndalama ya minibasi.
Kabotolo kanadzaza pang'onopang'ono,
iye maso ali papepala:
Nyama munaidya liti komaliza?

Ndinaseka mpaka singano inagwedera.
Mwamuna wanga Wayisoni ali ndi chiwaya pa Chemusa.
Amafika usiku malaya akununkha mafuta a mbuzi,
fizi ya ana imachokera m'nthiti ndi m'matumbo,
koma ine, chaka chachinayi chino,
ngakhale kachiwindi sindinalawe.

Si za tchalitchi,
ngakhale amayi a Sabata amandipatsa moni ngati wawo.
Zinayamba pa maliro a mkulu wanga Elube,
amene anabisa chotupa m'bere miyezi isanu ndi inayi
poopa kutivutitsa.
Tsiku loika anapha mbuzi kuseri kwa nyumba ku Chilomoni.
Ndinanyamula nthuli, kukhosi kunatseka.
Sikunatsegukenso.

Lembani choncho, ndinamuuza.
Anati bokosi lake ndi laling'ono,
limangofuna deti.

Ndiye anandiwerengetsa za m'mbale mwanga:
nandolo wa mumsika wa Limbe,
nyemba zokhalitsa pamoto magetsi akazima,
soya wa m'mapaketi, bonongwe wotendera,
mapeyala a ku Bvumbwe akatchipa.
Kangati pa sabata? Chikho chotani?
Moyo wanga wonse sindinayezepo chisoso.

Nanga kumwezi?
Apa ndinatsitsa mawu, ngakhale chitseko chinali chotseka.
Kale unkabwera ngati mwini nyumba wofuna lendi,
osaphonya, osapepesa.
Tsopano uli ngati madzi a mumpopi wathu:
sabata yathunthu kuli zii,
kenako pakati pa usiku, phwaa,
uli m'tulo, ndowa zili kutali.

Apongozi amati ndi masamba angawa,
andiumitsa magazi ngati mfutso padenga.
Nasibeko wa pa geti amati ndi zaka basi,
folote-folo si masewera, mlongo.
Wayisoni sanena kanthu.
Amangosuntha bulangete ndikamatuluka thukuta mu Juni,
chiperoni chikugogoda pa malata.

Mtsikanayo anatembenuza fomu,
najambula mzere wokwera, wotsika, wokweranso,
ngati Soche ndi Ndirande ukaziona uli pa Chichiri.
Awa ndi mahomoni anu, anati.
Ena amaganiza kuti chakudya chimatsitsako nsonga iyi,
ena amati kusiyana kwake n'kochepa.
Sitinadziwe bwino, mayi.
N'chifukwa chake tapempha magazi anu.

Ndinayang'ana kabotolo kaja, atakamata nambala.
Dzina langa panalibe.
Elube panalibenso,
koma ndikudziwa kuti ali momwemo,
penapake pakati pa mchere ndi chitsulo.

Pobwerera ndinatsikira pa Chemusa.
Wayisoni anali atapukuta kale kapoto kakang'ono,
kaja amasungira ine ndekha,
mafuta ake osakhudza nyama.
Anandikazingira mbatata, nawaza tsabola.
Apeza chiyani?
Ati tidikire.
Anagwedeza mutu, natembenuza nthiti za kasitomala.

Kunyumba ndinapeza Mwandida atakhala pa bedi langa,
yunifolomu ataipinda pamiyendo, osafuna kuimirira.
Zaka khumi ndi zitatu.
Ndinatseka chitseko,
ndinatsegula sutikesi mmene ndimasunga zanga
zimene mwezi uno sizinagwire ntchito.

Usiku ndinatenga kope lake lakale la masamu,
mmene ndimalemba masiku anga ndi pensulo.
Tsamba langa lili ndi mipata ngati mano a nkhalamba.
Ndinatsegula tsamba lina,
ndinalemba dzina lake pamwamba, ndi deti ya lero.
Kenako ndinanyika nyemba za mawa,
ndinaonjezera dzanja limodzi,
sindikudziwa ngati adzadya zanga kapena za bambo ake.